Zilembo Zinai Zimene Zimathandiza Kupeza Mankhwala a Malungo

Phunziro lathu la lero likunena za nchito imene ambiri a inu simunaimvepo, ngakhale kuti imakhudza mwana ali yense amene anadwalapo malungo. Anthu ogwira nchitoyi amathandiza kupeza ndi kuyesa mankhwala, koma sabaya jekeseni ndipo sapima odwala. Iwo amakhala pa kompyuta, nawerenga ndi kuyerekeza zilembo. M'Cingerezi nchito yawo imachedwa bioinformatics. Aphunzitsi, conde lembani liu limeneli pa bolodi, ndipo coko cikhale pafupi, pakuti ticifunanso.

Zilembo za m'thupi

Camoyo ciri conse, kaya ndi munthu, cimanga kapena udzudzu, cimanyamula malangizo a m'mene thupi lake liyenera kukulira ndi kugwirira nchito. Malangizowo ali mu kanthu kochedwa DNA, kamene kali ngati ulusi wautali wopindidwa m'kati mwa tizigawo tating'onoting'ono ta thupi. Pa ulusiwo pandandalikidwa tinthu ta mitundu inai yokha, monga mikanda ya mitundu inai pa cingwe, ndipo akatswiri amatilemba ndi zilembo A, C, G ndi T. Zilembozo zagawidwa m'ndime, monga m'buku. Ndime iri yonse imauza thupi kapangidwe ka cinthu cimodzi cimene likufuna.

Aphunzitsi, lembani tsopano mau awiri awa: moto, moyo. Ana inu, mwaona kuti cilembo cimodzi cokha casintha, koma tanthauzo lasintha kotheratu. Ndi m'menenso ziliri m'malangizo a camoyo. Cilembo cimodzi cikasintha pa malo ofunika, kacirombo kamene kanali kufa ndi mankhwala kangayambe kuwapirira.

Buku la kacirombo ka malungo

Malungo amadza ndi kacirombo kamene udzudzu umalowetsa m'thupi ukaluma munthu. Koopsa koposa kamachedwa Plasmodium falciparum, ndipo ndiko kamene kamadwalitsa anthu oculuka kuno ku Zambia. M'caka ca 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 600,000 pa dziko lonse, ndipo ambiri a iwo anali ana a mu Africa osakwana zaka 5.

M'caka ca 2002 akatswiri a ku England ndi ku America analengeza kuti awerenga malangizo a kacirombo kameneka. Anapeza zilembo pafupifupi 23,000,000, zogawidwa m'ndime zoposa 5,000. Mutati muziwerenga cilembo cimodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku, osadya ndi osagona, mungathe masiku 266 musanafike kumapeto. Inu a Giredi 7 mungatsimikize zimenezi ndi masamu, pakuti tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400.

Cinanso, makina ambiri owerenga DNA sangawerenge ulusi wonse nthawi imodzi. Ulusiwo umayamba wadulidwa m'tizidutswa, ndipo makina amawerenga kacidutswa kali konse pakokha. Zotulukapo zimakhala ngati masamba ambiri ofanana amene ang'ambidwa ndi kusakanizidwa m'dengu limodzi. Nchito yoyamba ya kompyuta ndiyo kupeza kacidutswa kamene mcira wake ukufanana ndi mutu wa kanzake, ndi kulumikiza tonse kufikira tsamba libwerere mwakale. Nchito yaciwiri ndiyo kuyerekeza tsamba limenelo ndi masamba a zamoyo zina. Masambawo amasungidwa m'nkhokwe zazikuru za pa kompyuta, monga ija yochedwa GenBank imene inayamba m'caka ca 1982, ndipo ali yense amene ali ndi intaneti angafunefunemo kwaulere.

Kupeza mankhwala

Mankhwala abwino ayenera kupha kacirombo popanda kuvulaza wodwala. Cotero akatswiri amafunafuna cinthu cimene kacirombo sikangakhale moyo popanda ico, koma cimene thupi la munthu lilibe.

M'caka ca 1999 akatswiri a ku Giessen, m'dziko la Germany, anatenga ndime ina yodziwika ya tizirombo tochedwa mabakiteriya, naifunafuna ndi kompyuta pakati pa zilembo za kacirombo ka malungo zimene zinali zitawerengedwa kale. Anapeza ndime yofanana nayo. Munthu alibe ndime imeneyi. Ndiponso kunali kale mankhwala ochedwa fosmidomycin, amene anapezedwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, odziwika kuti amaimitsa nchito ya ndime yomweyo m'mabakiteriya. Atawapatsa mbewa zodwala malungo, mbewazo zinacira.

Pambuyo pake mankhwalawo anayesedwa pa anthu ku Gabon ndi ku Thailand. Kutentha thupi kunatha ndipo tizirombo tinasowa m'magazi, koma mwa odwala ambiri tinabweranso patapita masiku. Cifukwa ca ici fosmidomycin sanakhale mankhwala amene mumalandira ku kiliniki. Kompyuta inaloza njira yoyenera kuyesa, ndipo inateteza zaka zambiri za kufunafuna mwacisawawa, koma mlandu unagamulidwa ndi zimene zinaoneka m'magazi a odwala.

Kuyesa mankhwala

Pamene mankhwala a malungo akuyesedwa, odwala amene avomera, kapena ana amene makolo awo avomera, amalandira mankhwalawo, napimidwa magazi kawirikawiri kwa masiku 28 kapena 42. Tiyerekeze kuti mwana wacira, koma pa tsiku la 21 tizirombo tapezekanso. Kodi mankhwala analephera kupha tonse, kapena udzudzu wina wamulumanso? Pa makina okulitsa tinthu tating'ono, tizirombo takale ndi tatsopano timaoneka cimodzimodzi.

Yankho lili m'zilembo. Akatswiri amatenga dontho la magazi la tsiku loyamba ndi dontho la tsiku limene matenda abwerera, nayerekeza ndime zingapo zimene zimasiyanasiyana kwambiri pakati pa tizirombo. Zikafanana, ndiye kuti ndi tizirombo takale tomwe tija, ndipo mankhwala analephera. Zikasiyana, ndiye kuti ndi matenda atsopano, ndipo mankhwala alibe mlandu. Kuwerengera kumeneku n'kofunika, pakuti bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mankhwala akalephera mwa odwala oposa 10 pa 100 ali onse, dziko liwasinthe. Agogo anu akukumbukira mankhwala owawa aja ochedwa chloroquine. Tizirombo titawapirira, dziko lathu linayamba kupereka Coartem m'malo mwake kuyambira m'caka ca 2003.

Kulondera mankhwala

Mphamvu yaikuru ya Coartem imacokera ku artemisinin, mankhwala amene mai Tu Youyou ndi anzawo anawapeza m'comera cina ku China m'caka ca 1972. Koma m'zaka za 2008 ndi 2009 madokotala analengeza kuti kumadzulo kwa dziko la Cambodia, ku Asia, tizirombo tayamba kucedwa kufa ndi mankhwalawa. Panalibe wodziwa cilembo cimene cinasintha pakati pa mamiliyoni 23 aja.

Akatswiri a ku France anacita cinthu cofuna kuleza mtima. Anatenga tizirombo tocokera ku Tanzania, natiweta m'mabotolo m'magulu awiri. Gulu limodzi analipatsa artemisinin mobwerezabwereza, akumaonjeza mlingo pang'onopang'ono, kwa zaka 5, kufikira litayamba kupirira. Gulu linalo sanalipatse kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atawerenga zilembo za magulu onse awiri, kompyuta inapeza malo 8 okha osiyana, m'ndime 7. Tsono anayang'ana ndime zimenezo m'tizirombo ta odwala a ku Cambodia, napeza kuti ndime imodzi, yochedwa kelch13, ndiyo inali yosintha m'tizirombo tocedwa kufa. Zimenezi zinafalitsidwa m'caka ca 2014.

Kuyambira pamenepo, dontho la magazi louma pa kapepala ndi lokwanira kusonyeza ngati tizirombo ta dera lina tayamba kupirira. Mwa njira imeneyi kusintha kwa kelch13 kunalengezedwa ku Rwanda m'caka ca 2020 ndi ku Uganda m'caka ca 2021. Cenjezo lotere limapatsa maboma ndi opanga mankhwala nthawi yokonzekera odwala asanayambe kufa.

Amene amagwira nchitoyi

Makampani ena opanga mankhwala ali ndi akatswiri awoawo oyerekeza zilembo. Ena, pamodzi ndi zipatala zocita kafukufuku, amatumiza zilembo zawo ku mabungwe amene amagwira nchitoyi pa malipiro, ndipo amalandira lipoti lonena zimene zapezeka. M'caka ca 2012 munakhazikitsidwa mu Africa mgwirizano wochedwa H3ABioNet, wotsogozedwa ndi University of Cape Town, kuti uphunzitse anthu a kuno luso limeneli. Wofuna nchitoyi ayenera kudziwa masamu, sayansi ya zamoyo ndi kulangiza kompyuta. Ayeneranso kukhala wosunga cinsinsi, pakuti maina a odwala amabisidwa ndipo m'malo mwake mumalembedwa manambala.

Mbali yanu

Ana inu, mankhwala akasiyidwa pakati, tizirombo tofooka timafa, koma tolimba tingatsale ndi kuswana, ndipo udzudzu umatipereka kwa mnansi wanu. Coartem imamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Mukadwala, pitani ku kiliniki mukapimidwe magazi, ndipo mutsirize mankhwala onse ngakhale mutamva bwino pa tsiku laciwiri. Musagawireko mng'ono wanu mapiritsi anu, ndipo gonani m'neti usiku uli wonse.

Zocita m'kalasi

Aphunzitsi, lembani mizere iwiri iyi pa bolodi, wina pansi pa unzake:

ATG GCA TTC GAA CCT AGA
ATG GCA TAC GAA CCT AGA

Ana apeze cilembo cimene casintha, ndipo mmodzi awerenge masekondi amene apita. Pa mzere uli wonse pali zilembo 18. Akambirane kuti zikanakhala 23,000,000 akanatenga nthawi yotani. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa m'makope awo. Kodi malangizo a camoyo amalembedwa ndi zilembo ziti? N'cifukwa ciani fosmidomycin sanakhale mankhwala a tsiku ndi tsiku? Kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti malungo amene abwerera ndi akale kapena atsopano?