Yisiti wa Vitumbuwa ndi Matenda a Shuga

Amai amene muphika vitumbuwa vogulitsa pa msika wa Chama, yesani ici mawa m'mawa. Tengani makapu awiri a madzi ofunda, muthire yisiti pang'ono mu onse awiri. M'kapu imodzi ikani supuni ya shuga. Mu inayo ponyani kam'bulu ka sakarini, timibulu totsekemera tija tomwe odwala shuga aika mu tiyi. Pakapita mphindi 10, kapu ya shuga idzacita thovu. Inayo idzangoti zii.

Yisiti ndi kanthu kamoyo, ndipo cakudya cace ndi shuga. Akadya, atulutsa mpweya ndi mowa. Mpweyawo ndiwo utupitsa ufa. Mowawo uuluka pamoto. Ofulula kacasu sindifunika kuwauza zimenezi. Sakarini, amene anapezeka ku Baltimore mu 1879, atsekemera kuposa shuga pafupi-fupi nthawi 300, koma angonyenga lilime cabe. Yisiti samudya, ndipo m'thupi mwathu angopyola ndi kutuluka mumkodzo.

Tsono nkhani yanga ili apa. M'thupi mwa munthu muli mtundu wina wa yisiti wochedwa Candida, umene ukhala mwakacetecete m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche. Si uja wa mu buledi iai, conco musaleke kudya vitumbuwa poopa iwo. Koma naonso ukonda shuga. Shuga wa m'magazi akakwera kupyola 10, impso ziyamba kumutayira mumkodzo, ndipo Candida apeza phwando. Mai amva kuyabwa kumusi ndi kutuluka zoyera zonga cambiko. Bambo atupa ndi kung'ambika khungu la kunsonga.

Ku cipatala ndimaona azimai amene ayesa mankhwala a mauka miyezi yambiri, ena mpaka kukangana ndi amuna ao kuti awatengera matenda kwina. Tikapima, tipeza shuga. Mankhwala oika kumusi athandiza, koma ngati shuga sanatsike, kuyabwa kubweranso.

Ngati vutoli libwera-bwera, makamaka pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza kawiri-kawiri usiku ndi kuonda, pitani ku cipatala m'mawa musanadye kanthu. Shuga wa 7 kapena kuposa apo afunika kupimidwanso kuti titsimikize. Pemphaninso kupimidwa HIV, pakuti nayonso ipatsa mpata Candida. Ndipo odwala shuga, sakarini wa mu tiyi si mankhwala. Mbale yodzala mpunga wa ku Chama idzakwezabe shuga wanu.