Juga imagwira munthu pa nyengo yake

Timakonda kunena kuti uyu ndi wajuga, uyo ayi, ngati kuti munthu amabadwa nazo. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Ku Sweden, kafukufuku wotchedwa Swelogs, yemwe anayamba mu 2008, anabwerera patatha chaka kwa anthu omwe anawafunsa poyamba. Chiwerengero cha ovutika ndi juga sichinasinthe kwenikweni, koma nkhope zinali zina: ambiri anali atapepukidwa, ena atsopano atalowa m'malo mwawo.

Zaka zoopsa kwambiri ndi za unyamata, makamaka kwa amuna. Mbali ya ubongo imene imatithandiza kudziletsa imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25, pomwe lamulo lathu limalola kubetcha kuyambira zaka 18. Mnyamata wa pakati pa zaka zimenezi lero ali ndi foni m'manja, Mpamba kapena Airtel Money ili pomwepo, mpira wa ku England uli pa kanema. Safunika kutuluka m'nyumba. Akapata kandalama kooneka poyambirira, ndiye ine nkhawa imandikulira, chifukwa kukoma kwa tsiku limenelo amakusakasaka kwa zaka, ndipo akaluza amati abweze zake.

Komatu kukula sikutchinjiriza munthu. Bambo amene ankangobetcha kamodzikamodzi akhoza kuterereka ntchito ikatha, banja likasokonekera, maliro akagwa pakhomo, kapena katapila akamupanikiza. Kwa iye juga imasanduka pothawira maganizo. Mowa ndi matenda a nkhawa zimawonjezera moto. Ngakhale mankhwala ena a matenda a Parkinson, monga pramipexole, achititsapo okalamba amene sanatchovepo juga kuyamba kutchova mosaletseka.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti njira yotulukira ndi yotseguka. Mu 2006, wofufuza wina wa ku America, Wendy Slutske, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene anagwapo m'vutoli anachira popanda kupita kuchipatala kapena kwa alangizi. Koma amene anadutsamo kale ndiye savuta kubwereramo. Choncho mlongo wanu akanena kuti mwamuna wake anasiya, kondwerani naye, koma muzikamuona mlamu wanuyo mwezi umene malipiro achedwa, kapena pamene ndalama za fodya zangolowa, mumufunse mwaulemu mmene zinthu zikuyendera.