Zoseweretsa za mwana wamng'ono zili kale pakhomo panu

Ku Mchengautuwa, monganso m'madera ena a mzinda wa Mzuzu, ndalama ya tsiku imatha isanafike pa chidole. Ikagula ufa, makala, ndiwo ndi madzi, n'kupatulako ya lendi, sipatsala kanthu. Choncho kholo likadutsa pamsika n'kuona tigalimoto ta pulasitiki, limadziona ngati likumana mwana wake chinthu chofunika. Nkhawayi ndi yomveka, koma mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu sasowa chidole chogula. Chimene amasowa ndi chinthu choti agwire, malo oti ayendemo, ndi munthu wamkulu woti azimuyankha.

Umboni wake unachokera kwa anthu osauka ngati ife tomwe. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, akatswiri otsogoleredwa ndi Sally Grantham-McGregor anayamba kafukufuku pa ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi alangizi a zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri. Alangiziwo ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka pafupifupi 20 anawo anafufuzidwanso, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Science zinasonyeza kuti amene ankaseweretsedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanayenderedwe. Chinasiyanitsa magulu awiriwa si mtengo wa chidole ayi, koma zimene mayi ndi mwana ankachita nacho.

Chifukwa chake chili mu ubongo, umene umakula mofulumira kwambiri pa zaka zitatu zoyambirira. Mwana akaloza nkhuku, wamkulu n'kunena kuti "Inde, nkhuku iyo, ikudya chimanga," ubongo wake umalumikiza chimene waona, mawu amene wamva ndi nkhope ya amene wamuyankha. Zikachitika kambirimbiri pa tsiku, m'pamene chilankhulo ndi nzeru zimamera.

Tiyambe ndi kukhitchini, kumene kuli zoseweretsa zambiri kuposa m'sitolo. Mwana wa msinkhu uwu amakonda kulowetsa ndi kutulutsa zinthu. Mupatseni mbale yapulasitiki ndi zitsononkho zisanu zoyera. Adzaziika m'mbale, n'kuzikhuthula, n'kuyambiranso, mwina kakhumi. Kwa wamkulu zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma iye akuphunzira kugwira ndi zala, kusiyanitsa chodzaza ndi chopanda kanthu, ndiponso kukhazikika pa chinthu chimodzi. Inu muziwerenga mokweza pamene akuponya: chimodzi, ziwiri, zitatu. Makapu osiyana kukula amasanjikizana n'kukhala nsanja, ndipo kuigwetsa ndiye mbali yokoma ya masewerawo, choncho musamukalipire. Poto ndi mthiko ndi ng'oma. Phokoso lake limatopetsa, makamaka m'nyumba za lendi zogundizana makoma, koma masana palibe mlandu. Botolo louma loikamo timiyala kapena njere za chimanga limasanduka chisekese, bola chotsekera chake chimangidwe zolimba kuti asachitsegule.

Chitenje nacho chili ndi ntchito zambiri. Bisani kapu pansi pake mwana akuona, ndipo mumufunse kumene yapita. Chikoloweke pa mipando iwiri chikhale nyumba. Chipindeni chikhale mwana woti abereke kumsana, pakuti pa zaka ziwiri ana amayamba kutsanzira akuluakulu, ndipo apa ndi pamene masanje amayambira. Anyamata nawonso aloledwe kubereka ndi kuphika. Palibe chimene chimawonongeka. Katoni yopempha kugolosale imakhala minibasi yokankha kapena chobisalamo. Zoterezi zimathandiza kwambiri masiku a mvula ndi m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene mwana amakhala m'nyumba nthawi yaitali n'kuyamba kuvuta chifukwa chosowa chochita.

Kunja kukacha bwino, mwana atuluke. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2019, linati ana a chaka chimodzi ndi ziwiri azikhala akuyenda ndi kusewera mogwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, mogawa nthawi. Maola atatu amenewa safuna bwalo la mpira. Mpira wa nsanza womanga ndi luzi, mzere wojambula pansi ndi khala woti aziyendapo, chibisalirano kuseri kwa chitseko, dongo loti akande ndi mchenga woti athire m'chikho, zonsezi zimakwanira. Dothi la m'manja limachoka ndi sopo.

Malangizo omwewo amanenanso za foni ndi kanema: mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe n'komwe, ndipo wa zaka ziwiri asapitirire ola limodzi pa tsiku. Tonse tikudziwa chifukwa chimene foni imaperekedwera. Mayi ali ndi zochapa, nsima ili pamoto, mwana akulira. Koma foni imatontholetsa mwana popanda kumuyankha, kwinaku ikudya bandulo. Ndi bwino kumuika pafupi ndi ntchito yanuyo n'kumupatsa yake: kansalu koti "achape" m'mbale youma, kapena masamba a mpiru oti akupatsireni limodzilimodzi uku mukumuuza zimene mukuchita.

Kucheza kumeneku kuchitike m'chilankhulo cha pakhomo panu, kaya ndi Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde kapena Chichewa. Makolo ena amaumiriza Chingerezi chochepa chimene akudziwa poganiza kuti akukonzekeretsa mwana sukulu, pamene mwana amapindula kwambiri ndi chilankhulo chimene kholo lingamuuzire zambiri momasuka. Nthano, zimene Atumbuka amati vidokoni, sizilira ndalama, ndipo mwana akafuna imodzimodziyo usiku uliwonse, mubwerezereni. Abambo, ntchitoyi ndi yanunso. Mphindi khumi mutaweruka, mwana ali pamwendo, ndi zambiri.

Zoseweretsa zaulere zili ndi zoopsa zake, ndipo apa tisapeputse. Chilichonse chimene chingalowe chathunthu m'kamwa mwa mwana chikhoza kumutsamwitsa: zotsekera mabotolo, ndalama zachitsulo, mtedza, nyemba, mabatani. Timabatire tobulungira ta m'mawotchi ndi toopsa koposa, chifukwa tikamezedwa timawotcha kum'mero, ndipo mwana ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo. Jumbo imatseka mpweya. Botolo limene munali parafini, mafuta agalimoto kapena mankhwala a mbewu lisasanduke choseweretsa ngakhale litatsukidwa. Galimoto ya mawaya ndi ya akulu ake, pakuti nsonga zake zimalasa m'maso. Mwana wamng'ono akhoza kumira m'chidebe kapena m'beseni la madzi ochepa popanda kukuwa, choncho masewera a madzi achitike wamkulu ali pomwepo, osati mchemwali wake wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mbaula, chitsime chosavundikira, khomo la chimbudzi ndi ngalande za nthawi ya dzinja zikhale kutali ndi malo amene mwana amasewera.

Sukulu za mmera mpoyamba, zimene ambiri amati za mkombaphala, zimalandira makamaka ana a zaka zitatu mpaka zisanu, kotero zaka zoyambirirazi zili m'manja mwa banja ndi anansi. Mabanja a pa poloti imodzi angathe kusonkhanitsa zoseweretsa m'katoni imodzi n'kumasinthana kuyang'anira ana. Amene akufuna kuti gulu lotere likule afikire atsogoleri a buloko kapena komiti ya chitukuko ya wodi yawo, ku Mchengautuwa East kapena West.

Posewera m'pamenenso kholo limaona msanga ngati china chake sichili bwino. Mwana akafika miyezi 18 asanayambe kuyenda, akamapanda kucheuka mukamuitana, kapena akakwanitsa zaka ziwiri osatchula mawu omveka, musadikire kuti adzayamba yekha. Kauzeni mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo, kapena pitani naye ku Mzuzu Health Centre, imene ambiri timaitcha Mapale, mutatenga buku lake la kuchipatala.