Kafiriji kobisika m'makina oyezera magazi

Tsiku loyezetsa kuchuluka kwa kachirombo m'magazi likafika, achipatala amakubayani chala n'kudonthezera magazi pakakhadi, kapena amatunga magazi pamkono n'kuwathira m'kabotolo. Kenaka amakuuzani tsiku loti mudzabwerenso. Mwina munadzifunsapo kuti magaziwo amapita kuti, nanga n'chifukwa chiyani nthawi zina zotsatira zimachedwa, kapena amatiuza kuti tiyezetsenso. Gawo lina la yankho lili m'kachipinda kozizira kamene kali m'kati mwa makina a ku labotale.

Mankhwala amene sitimwa

Timitengo toyezera HIV mwachangu, monga Determine, sitilira firiji. Timasungika bwino pamalo aliwonse osapitirira madigiri 30. Timakhadi ta magazi ouma natonso timayenda panjinga yamoto kuchoka kuchipatala cha kumudzi kupita ku labotale yaikulu popanda ayezi. Koma kuwerenga tizirombo m'magazi, kapena kuona ngati impso ndi chiwindi za munthu amene akumwa ma ARV zikugwira bwino ntchito, kumachitika ndi makina akuluakulu amene amayeza magazi a anthu ambiri paokha.

Makinawa saona kachirombo ndi maso. Amasakaniza magazi ndi mankhwala oyezera, amene akatswiri amawatcha ma reagent. Mankhwalawa akakumana ndi chinthu chimene akufufuza amasintha mtundu kapena kutulutsa kuwala, ndipo makina amayeza kusinthako n'kupereka nambala.

Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi ma enzyme, omwe ndi timapuloteni timene timafulumizitsa kusintha kwa zinthu. Aliyense amene anaonererapo mayi akuphika thobwa amadziwa kale khalidwe lake. Mayi sathira chimera m'phala lobwadamuka. Amadikira kuti lizizire pang'ono, chifukwa kutentha kwambiri kumapha mphamvu ya chimera ndipo thobwa silitsekemera. Mphamvu imeneyo ndi ma enzyme. A ku labotale nawonso ndi osalimba: akakhalitsa pamalo ofunda amafooka pang'onopang'ono, ngakhale kuti madzi a m'botolo amaonekabe bwinobwino. N'chifukwa chake ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Taganizani tsono za Chikwawa ndi Nsanje m'mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40.

Kafirijika kamagwira ntchito bwanji?

Makina amene amagwira ntchito tsiku lonse sangamadikire munthu kuti azikatenga botolo mu firiji nthawi iliyonse. Choncho opanga anaika malo ozizira m'makina momwemo. M'makina ambiri malowa ndi mbale yozungulira yokhala ndi timipata ta mabotolo, yokutidwa ndi zinthu zoletsa kutentha kulowa, ndipo ili ndi chivundikiro. Pachivundikiropo pali timabowo ting'onoting'ono. Mankhwala ena akafunika, mbaleyo imazungulira mpaka botolo lake lifike pansi pa bowo, kasingano kamatsika n'kuyamwa mlingo wochepa kwambiri, kenaka kamatsukidwa.

Kuzizirako kumachokera kuti? Makina ena akuluakulu ali ndi kompuresa ngati ya firiji ya kunyumba. Ambiri amagwiritsa ntchito timbale topyapyala totchedwa Peltier. Dzinali ndi la Jean Charles Peltier wa ku France, amene poyamba anali wopanga mawotchi. M'chaka cha 1834 iye anatulukira kuti magetsi akamadutsa pamene zitsulo ziwiri zosiyana zalumikizana, malowo amazizira kapena kutentha malinga ndi kumene magetsiwo akulowera. Kambale ka Peltier kamazizira mbali imodzi n'kumatentha mbali inayo. Mbali yozizira imagunda chipinda cha mankhwala, pamene mbali yotentha ili ndi zipsepse za aluminiyamu ndi fani yotulutsa kutenthako kunja. Fumbi likatseka sefa ya faniyo, kutentha kumasowa kolowera ndipo chipinda chimayamba kufunda. Motero kupukuta fumbi ku labotale ndi gawo la ntchito yoyeza magazi.

M'chipindamo mulinso kachipangizo koyeza kutentha kamene kamalankhula ndi kompyuta nthawi zonse. Kukafunda, kompyuta imawonjezera mphamvu ya kuziziritsa. Kukazizira kwambiri imachepetsa, chifukwa mankhwala amene anapangidwa kuti azisungidwa ali amadzi amawonongekanso akaundana. Zikapitirira malire, makina amaliza belu lochenjeza. Pa makina ambiri kafirijika kali ndi switchi yakeyake, moti ogwira ntchito akazimitsa makina poweruka, iko kamagwirabe ntchito usiku wonse.

Chivundikiro chija chili ndi ntchito ziwiri. Chimachepetsa kuuma kwa madzi a m'mabotolo otsegula, popeza madzi akachepa mankhwala amakhathamira ndipo nambala imalakwika. Chimatsekerezanso mpweya wofunda. Munaonapo botolo la chakumwa chozizira likutuluka thukuta padzuwa. Zomwezo zimachitika m'makina, ndipo pansi pa mbale pali kapaipi kochotsa madziwo kuti asachititse nkhungu.

Chodabwitsa n'chakuti pafupi ndi malo ozizirawa pali malo ofunda. Makina oyeza impso ndi chiwindi amasakanizira magazi ndi mankhwala pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Kuzizira kumagoneka ma enzyme kuti asathe mphamvu, ndipo kufunda kumawadzutsa pamene ntchito yafika.

Makina amene amakana

Botolo lililonse lili ndi timizere takuda ngati timene timaona pa katundu wa m'sitolo. Makina akatiwerenga amadziwa mtundu wa mankhwala, tsiku limene adzathe mphamvu, masiku amene akhala m'makinamo chitsegulireni, ndi chiwerengero cha anthu amene angayezedwebe ndi botololo. Masiku akakwana, makina amachenjeza kapena kukana kuligwiritsa ntchito.

Kuonjezera apo, akatswiri amayeza timadzi tapadera timene yankho lake likudziwika kale. Yankho likasemphana, zotsatira za odwala sizitulutsidwa. Magetsi akazima nthawi yaitali popanda jenereta, batire kapena sola, mankhwala amafunda, ndipo amayenera kuyesedwanso kapena kutayidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zotsatira zimachedwera.

Zikutikhudza bwanji?

Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala mosadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Njira yodalirika yodziwira ngati mankhwalawo akugwira ntchito ndi kuwerenga tizirombo. Tikapitirira 1,000 pa mililita imodzi ya magazi, achipatala amaunika kamwedwe ka mankhwala, amayezanso, ndipo mwina amasintha mankhwala. Nambala yolakwika ingachititse kuti munthu asinthidwe mankhwala amene akumuthandiza, kapena asiyidwe pa mankhwala amene analeka kugwira ntchito. Zotsatira zochedwa koma zoona n'zabwino kuposa zofulumira zabodza.

Tsono achinyamata anzathu, mukapeza kuti zotsatira sizinabwere, musataye mtima. Funsani tsiku lina loti mudzabwere ndipo mulisunge. Akakupemphani kuti mupereke magazi ena, sizitanthauza kuti matenda akula. Pitirizani kumwa mankhwala tsiku lililonse pamene mukudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kambiranani m'kalabu yanu

1. Kodi mungamulimbikitse bwanji mnzanu amene wagwa ulesi chifukwa zotsatira zake zachedwa?
2. Ndi mphekesera ziti zimene mumamva zokhudza magazi opita ku labotale, nanga mungaziyankhe bwanji?
3. Itanani katswiri wa labotale wa chipatala cha kwanuko kuti adzakufotokozereni ntchito yake ndi maphunziro amene munthu amachita kuti aigwire.