Tisankhe mwanzeru ejenti wa inshuwalansi ya moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya anthu amene amayenda m'midzi, m'masukulu ndi m'matchalitchi kugulitsa inshuwalansi ya moyo ndi ya maliro. Inshuwalansi ndi chinthu chabwino, pakuti bokosi, galimoto yonyamula maliro ndi chakudya cha pasiwa zimasiya mabanja ambiri m'ngongole. Koma ambirife timalembetsa chabe chifukwa ejentiyo ndi mwana wa uje kapena timapemphera naye. Abale anga, tsiku la chisoni wopereka ndalama si ejenti ayi, koma kampani. Ejenti ndi mtumiki chabe.

Choyamba, mufunseni kampani imene akuiimira. M'dziko muno muli makampani monga NICO Life, Old Mutual ndi Vanguard Life. Lamulo la 2010 lidapatsa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi mphamvu zoyang'anira makampani a inshuwalansi pamodzi ndi maejenti awo, ndipo ejenti ayenera kukhala ndi chiphaso. Akuonetseni chiphasocho. Kenaka imbani foni kukampaniko, panambala imene mwaipeza nokha, mufunse ngati akumudziwa. Ejenti woona sakwiya ndi mafunso. Paja safunsa adadya phula.

Chachiwiri, dziwani kuti ejenti amalandira komishoni pa munthu aliyense amene wamulembetsa, choncho amafulumira kunena zokoma zokhazokha. Inu mufunse zowawazo. Kodi padzapita miyezi ingati kampani isanayambe kulipira maliro? Nanga ndikalephera kupereka miyezi iwiri kapena itatu, monga zimachitikira nthawi ya njala, mgwirizano udzatha? Kodi makolo okalamba ndi ana amasiye amene ndikulera alimo? Mayankho onse akuonetseni m'chikalata cha mgwirizano, osati pakamwa.

Funsaninso ngati ndalama yodzalandirayo imakwera ndi zaka. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalama yogula bokosi lero mwina siidzagula ngakhale nsalu zaka khumi zikubwerazi.

Chachitatu, musapereke ndalama m'manja mwa ejenti. Lipirani ku akaunti ya kampani, kubanki kapena pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo sungani malisiti onse. Ejenti akakuuzani kuti mubise matenda kapena muchepetse zaka zanu kuti muzilipira pang'ono, m'thaweni. Kampani ikadzatulukira bodzalo ikhoza kukana kulipira, wovutika n'kukhala mkazi wanu ndi ana.

Chachinayi, lembani bwinobwino dzina la wodzalandira ndalama, lofanana ndi la pachiphaso chake cha unzika, ndipo mumuuze pamene mwasunga mapepala. Tonse tidaonapo akazi amasiye akulandidwa katundu ndi achibale a mwamuna. Dzina lolembedwa limatseka pakamwa anthu otere.

Pomaliza ndikupempha abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu. Mukampatsa ejenti mpata woyankhula pamaso pa anthu anu, iwo amaganiza kuti mwamuvomereza. Yambani mwafufuza inuyo. Ndipo kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka, athandizeni ofedwawo kulemba dandaulo kukampaniko. Zikakanika, apite nalo ku Reserve Bank, ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.