Basiketibolo si ya ku mayadi kokha

Mukafunsa anyamata a mu komboni ya Misisi mu Lusaka za basiketibolo, ambiri amayankha chimodzimodzi: amenewo ndi masewera a ana a apamwamba, a ku Kabulonga ndi Woodlands. Maganizowa ali ndi pochokera. Mpira wamiyendo sufuna zambiri. Mapulasitiki omangidwa ndi zingwe asanduka chimpombwa, miyala iwiri yasanduka golo, masewera ayamba. Basiketibolo imafuna pansi polimba poti mpira uzidumpha, ndi chitsulo chozungulira chopachikidwa mamita 3.05 m'mwamba. Mu Misisi, momwe nyumba zathithikana ndipo mvula ikagwa madzi amadikha m'njira kwa milungu, malo otere ndi osowa. Mwana amakula osaugwirapo mpirawo, n'kumaganiza kuti si wake.

Koma tamvani dzina la timu imene yatenga chikho cha dziko la Zambia mobwerezabwereza: Matero Magic. Matero si ku mayadi. Ndi komboni ya misika, maminibasi ndi anthu olawirira m'mamawa kukasaka ya ufa. Timu imeneyi, yomwe yakhala ndi osewera odziwika monga Chongo Chona, yaimirira Zambia mu Road to BAL, mpikisano wosankha matimu okalowa mu Basketball Africa League, ligi ya NBA ndi FIBA imene inayamba ku Kigali mu 2021. Chakumapeto kwa chaka chomwecho Matero Magic inafika pa ndime ya Elite 16 ku Johannesburg. Sinadutse, koma dzina la komboni ya mu Lusaka linatchulidwa pakati pa matimu a ku Mozambique ndi South Africa. Kwa ine chimenechi si chaching'ono. UNZA Pacers ndi Munali Suns nawonso anayendapo njira yomweyi.

Palinso zoti masewerawa ndi a anthu aatali okha. Kutalika kumathandiza, palibe angakane. Komabe Muggsy Bogues, wa mamita 1.60 okha, anasewera mu NBA zaka 14, akudutsa pakati pa zimphona chifukwa cha liwiro ndi maso oona mnzake amene ali poyera. Ena amati ukapitirira zaka za ku pulayimale wachedwa. Hakeem Olajuwon anakulira ku Lagos akugwira pagolo mu mpira wamiyendo, ndipo basiketibolo anaiyamba ali kale mnyamata wamkulu. Mu 1994 ndi 1995 anatenga chikho cha NBA ndi Houston Rockets. Kupepuka kwa mapazi kumene anatchuka nako anakuphunzira pagolo paja, ndiye kamnyamata kodziponya m'fumbi mu Misisi kayamba kale ulendo kosadziwa.

Vuto lenileni ndi bwalo. Ku OYDC, malo ochitira masewera mu Lusaka amene anatsegulidwa mu 2010, mabwalo alipo, koma kuchokera ku Misisi pamafunika ya basi, ndipo kholo limene likuwerengera ya makala silingaipeze tsiku ndi tsiku. Bwalo lonse la basiketibolo ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi. Mtundu wa 3x3, wa atatu mbali iliyonse, umene unalowa mu Olympics ku Tokyo, umangofuna pafupifupi theka lake ndi chitsulo chimodzi. Pali masukulu ndi matchalitchi mu Misisi amene angapatule kamalo kotere, n'kuthira simenti yokwera pang'ono kuti madzi a mu Januwale asamadikhepo.