Mimba Yokana Zakudya

 Nkhani yathu ya lero iri ya bvuto limene liribe dzina m'cinenero cathu, ngakhale obvutika nalo ali ambiri ndithu. Ndikunena za munthu uja amene akadya nyemba mimba imatupa ngati ng'oma, akamwa tiyi wamkaka m'mimba mumabangula kufikira athamangire kuseri, akadya buledi amamva kupotokola. Ndipo akapita ku cipatala, dotolo amapima magazi ndi cimbudzi, namuuza kuti sanapeze kanthu. Munthuyo amabwerera kwao ndi ululu wace womwewo, ndipo tsopano wasenzanso nkhawa.

Zimene munthu wotere amacita tonse tizidziwa. Amayamba kusala. Mwezi uno aleka mkaka, mwezi wa mawa aleka nyemba, kenaka kabici, anyezi, mango, mtedza ndi zonse za mafuta, kotero kuti caka cisanathe pa mphasa pace patsala nsima ndi tindiwo towiritsa ndi mcere. Awonda, afoka, aopa kupita ku ukwati kapena ku maliro kumene sadzatha kusankha cakudya, komabe mimba siinaleke kudandaula. Ine ndiyesa kuti kusala kosalekeza kumeneku kawiri kawiri kumamvulaza munthu koposa zakudya zimene alikuzithawazo, ndipo ndifuna kulongosola cifukwa cace.

Poyamba tipatule anthu ena amene nkhani yao iri yosiyana. Alipo amene thupi lao limayesa cakudya cina mdani weni weni, makamaka mtedza, nsomba, mazira kapena mkaka. Akangolawa, pasanapite nthawi yaitali milomo itupa, thupi licita ziwengo zoyabwa, ndipo nthawi zina pakhosi patsekeka, munthu nabanika. Madotolo amachula zimenezi allergy. Apa kacidutswa kakang'ono kangathe kupha, ndipo munthu wotere asayese konse cakudyaco payekha kunyumba. Zimene ndidzanena m'tsogolomu siziri za iye ai.

Ambiri a ife bvuto lathu liri la mtundu wina: matumbo amalephera kugaya bwino mbali ina ya cakudya, ndipo cimene cimalamulira ndico muyeso. Mkaka utithandize kumvetsa. Mu mkaka muli shuga wochedwa lactose, amene sangalowe m'magazi asanadulidwe pawiri, ndipo comdulira cace, cochedwa lactase, cimapangidwa m'matumbo aang'ono. Makanda amabadwa naco cokwanira, kupatula owerengeka kwambiri, cifukwa cace mai asaletse mwana bere pomva nkhani ino. Koma mwana akaleka kuyamwa, lactase amayamba kucepa, ndipo zimatero mwa anthu pafupi fupi awiri mwa atatu ali onse a pa dziko lapansi. Shuga wosadulidwayo amatsikira m'matumbo aakuru, nakoka madzi, ndipo tizirombo tabwino tokhala m'menemo timamdya ndi kumwiritsa monga mowa uwira m'mbiya. Mpweya, kubangula ndi kutsegula m'mimba zicokera pamenepo.

Mu 1966 madotolo awiri a ku Kampala, G. C. Cook ndi S. K. Kajubi, anasonyeza kuti Aganda ndi mitundu ina ya alimi inali ndi lactase wocepa, pamene Ahima ndi Atutsi, amene makolo ao anakhalira mkaka wa ng'ombe mibadwo yambiri, anali naye wokwanira. Pambuyo pace Cook anadza kudzaphunzitsa ku Lusaka, napeza kuti Azambia aakuru ambiri amene anawapima analinso ndi lactase wocepa. Tsono kukanidwa ndi mkaka ndico cibadwa ca ambiri a ife, ndipo sikucititsa manyazi. Ngakhale ziri tero, ofufuza apeza kuti anthu ambiri otere angathe kumwa kapu imodzi, ya mamililita 250, osabvutika kweni kweni, makamaka akamwa pamodzi ndi cakudya. Makolo athu analinso ndi njira yao. Cambiko, amasi a Angoni ndi mabisi a Atonga ndi Alozi ndi mkaka wosasa, umene mbali ya shuga wace yadyedwa kale usanafike pakamwa, ndipo mimba zambiri zimaulandira bwino koposa mkaka wauwisi.

Cimene cicitika ndi mkaka cicitikanso ndi zakudya zina. Mu nyemba, anyezi, adyo, tirigu, mango, mabvwende ndi uci muli mitundu ya shuga imene matumbo aang'ono sailowetsa bwino, ndipo nayonso imakawira m'matumbo aakuru. Mu 2005 Peter Gibson ndi Susan Shepherd a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anaika mashuga onsewa m'gulu limodzi, naliika dzina lakuti FODMAP. Phindu la nzeru imeneyi nlakuti munthu amene aganiza kuti ali ndi matenda 7 popeza zakudya 7 zimkana, kawiri kawiri ali ndi bvuto limodzi lokha. Mashugawa amaunjikana monga madzi mu mtsuko: cikho coyamba ndi caciwiri sizitayika, koma cacisanu cisefukira. Ndico cifukwa cace cakudya cimodzi comweco cimbvuta munthu Lolemba, koma Lacinai osambvuta.

Pamenepa mpamene mabanja ena amagwedezeka. Mwamuna adya nyemba kwa mlongo wace osamva kanthu. Adya nyemba kunyumba kwace, usiku wonse osaona tulo. Mtima uyamba kunong'ona kuti kapena wadyetsedwa. Apita kwa sing'anga, apatsidwa mankhwala osanzitsa ndi otsuka m'mimba, matumbo amene anali opweteka kale napwetekanso, ndipo mkazi wosalakwa ayamba kuyang'anidwa ndi diso loipa, mwina kufikira kubwezedwa kwao. Koma tafunsani bwino. Kwa mlongo wace anadya kambale kamodzi masana. Kunyumba kwace anadya mbale yodzaza, yokazingira anyezi wambiri, atamwa kale tiyi wamkaka ndi mabanzi awiri, ndiponso atatola mango anai panjira.

Wina adzafunsa kuti, nanga bwanji anthu awiri adyera mbale imodzi, mmodzi nagona tulo, mnzace nacezera kubuula? Mpweya umapangika mwa onse awiri. Kusiyana kuli m'mitsempha. Matumbo ali ndi mitsempha yao yambiri mbiri, imene imatumizirana mau ndi ubongo usana ndi usiku, ndipo mwa anthu ena mitsempha imeneyi imamva msanga, kotero kuti kufufuma kumene mnzao sakumva konse kwa iwo kuli ululu. Madotolo amachula mkhalidwe umenewu irritable bowel syndrome, kapena IBS mwacidule, ndipo umapezeka mwa anthu a pakati pa 4 ndi 10 mwa 100 ali onse, malinga ndi mawerengedwe ace. Mwa ena umayamba atadwala kamwazi kapena kutsegula m'mimba kwa madzi oipa. Kacirombo kanapita kale, koma matumbo anatsala amantha. Nkhawa, ngongole, maliro ndi kusagona zimaukulitsa. Ululuwo ngweni weni, munthuyo sakunama; koma IBS siboola matumbo, siisanduka khansa, ndipo siifupikitsa moyo.

Tisamnyoze munthu cifukwa cakuti zopimira sizinaone kanthu. Kwa zaka zambiri madotolo anaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimadza ndi nkhawa ndi zakudya za tsabola. Mu 1982, ku Perth, ku Australia komweko, Barry Marshall ndi Robin Warren anasonyeza kacirombo kokhala m'cifu, kamene tsopano kachedwa Helicobacter pylori. Anzao atakana kukhulupirira, Marshall anamwa dala tizirombo timeneti mu 1984, nadwala. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel, ndipo zilonda zambiri zotere zimacizika ndi mankhwala a masabata awiri. Kacirombo kameneka nkofala kuno ku Afrika, ndipo munthu wa cilungulira ndi ululu wa pa cifu ayenera kupempha kuti ampime.

Cifukwa cace munthu asadziike yekha m'gulu la IBS asanapite ku cipatala. Kwathu kuno zobvuta m'mimba nzambiri: njoka za m'mimba, tizirombo ta giardia ndi amoeba ta m'madzi osawiritsa, likodzo la m'matumbo, HIV, ndi cifuwa cacikuru, cimene cimalowanso m'mimba. Giardia amakanda matumbo kotero kuti mkaka umkana munthu kwa masabata angapo atacira kale. Mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri amawameza ngati mtedza, amayambitsanso zilonda. Ndipo ziripo zizindikiro zimene sizilola kudikira: magazi m'cimbudzi, kapena cimbudzi cakuda bii, kuwonda popanda cifukwa, kusowa magazi, kusanza kosaleka, kutentha thupi, kutsegula m'mimba kodzutsa munthu usiku, ndi bvuto loyamba kumene pa munthu wopitirira zaka 50. Cakudya cikayamba kukakamira pomeza, fulumirani ndithu, pakuti khansa ya kummero njofala ku Zambia ndi ku Malawi koposa m'maiko ambiri.

Za tirigu ndinenepo mau apadera. Alipo matenda ochedwa coeliac, m'mene gluten wa mu tirigu amaononga matumbo aang'ono. Dotolo wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, anaona kuti ana odwala matendawa anapeza bwino pa njala ya 1944 mpaka 1945 pamene buledi anasowa, nadwalanso buledi atabwera, ndipo analongosola zimenezi mu 1950. Wodwala coeliac aleka tirigu moyo wace wonse. Koma kupima kwace kumafuna kuti munthu akhale alikudyabe tirigu. Mukaleka buledi musanapimidwe, magazi angathe kunena bodza. Mwai wathu ngwakuti cimanga, cinangwa, mapira, mawere ndi mpunga ziribe gluten.

Tsono tibwerere kwa mnzathu uja wotsala ndi nsima ndi mcere. Nsima imadzaza mimba, koma thupi silitha kutengamo bwino vitamini wochedwa niacin, ndipo wodya cimanga cokha amagwidwa ndi pellagra: khungu la pakhosi ndi pa manja lida ndi kusweka, mutu usokonezeka, ndipo m'mimba mutseguka. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala matendawa m'misasa ya ku Malawi pamene mtedza unasowa pa cakudya cimene anali kulandira. Taonani tsoka lace: munthu waleka nyemba ndi mtedza poopa kutsegula m'mimba, ndipo kulekako kumtsegulanso m'mimba, iye naganiza kuti ayenera kuleka zinanso. Cenjeraninso ndi amalonda opima magazi kapena tsitsi amene amakubwezerani mndandanda wa zakudya makumi atatu zoti muleke. Mabungwe a madotolo a allergy ku Ulaya ndi ku America anacenjeza kale kuti kupima kwa mtundu umenewo sikusonyeza cakudya cimene cikubvutani.

Njira yabwino njocedwa, ndipo akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Gulani kabuku ka ana a sukulu. Kwa masabata awiri lembani zimene mwadya, muyeso wace, nthawi yace, ndi zimene mimba yacita. Lembaninso masiku a nkhawa ndi a mowa, ndipo amai alembe masiku a kumwezi, popeza naonso amasintha macitidwe a matumbo. Mukaona cakudya cokaikitsa, lekani cimeneco cokha masabata awiri. Pakapanda kusintha, cibwezeni pa mphasa, ciribe mlandu. Mukapeza bwino, yesaninso pang'ono: sipuni ziwiri lero, theka la mbale mawa, mbale yonse mkuja, kufikira mudziwe malire anu. Ngakhale eni ace a ku Melbourne amati kuleka gulu lonse la FODMAP kukhale kwa masabata 2 mpaka 6 okha, ndi cithandizo ca katswiri wa zakudya, ndipo pambuyo pace zakudya zibwezedwe cimodzi cimodzi. Cimene cinakukanani caka cino muciyesenso caka ca mawa, pakuti malire amasuntha.

Zina nza ku khichini. Nyemba zibviikidwe usiku wonse, madzi ace natayidwa zisanaphikidwe, ndipo ena amapeza kuti cipere cimawapepukira. Shuga wobvuta wa mu anyezi ndi adyo sasungunuka m'mafuta, motero mungathe kuzikazinga m'mafuta okha, nkucotsa zidutswa zace musanaike ndiwo, fungo litsala. Anchito a m'tauni amene amakhala tsiku lonse ndi njala nadzadya mitanda isanu usiku ayese kugawa cakudya comweco katatu.

Cotsala ndi ulendo. Kwathu kukana cakudya ca mwini nyumba kuli ngati kumtukwana, ndipo ambiri amadya cimene adziwa kuti cidzawabvuta poopa kuchedwa onyada. Nenani msanga, moto usanasonkhedwe, ndipo nenani cinthu cimodzi kapena ziwiri zimene kabuku kanu katsimikiza, mosacurutsa mau. Ndiwo imene muidziwa malire ace tapani pang'ono, mudye ndi nsima ndi masamba, mwini nyumba aone kuti dzanja lanu lalowa m'mbale yace. Inunso amai olandira alendo, patulani kambale ka ndiwo musanathire anyezi kapena mkaka, monga mumapatulira ka mwana musanathire tsabola.